Udzudzu wa m'Bokosi

Ndinaigula chiwalochiwalo, ngati nyama yapangongole:
bolodi m'mwezi wa Marichi,
mafani awiri titakumba mbatatesi,
bokosi lachitsulo ndinalifungatira pamiyendo
mu chapa, kuchokera ku Kwachena mpaka kuno ku Ulongwe,
kondakitala akuumirira kuti nalonso lilipire mpando.

Sindinkafuna yothamanga. Ndinkafuna yachete.
Ntchito yanga ndi mawu:
usiku ndimajambula nkhani za ulimi za pawailesi ya m'dera,
ndipo maikolofoni alibe mwambo,
amatola ndi zimene sunawatume.

Tsiku loyatsa, zonse zinayaka bwinobwino.
Kenaka nziii,
kaudzudzu kosaoneka, kosatopa, kosaopa utsi,
ndipo pansi pake china chikuti drrr
ngati mano a munthu wamalungo.

Ndinaimitsa mafani ndi chala, mmodzimmodzi. Si amenewo.
Ndinaifunditsa bulangete, inatentha thupi n'kukomoka.
Ndinaiika kunsi kwa bedi, bedi linayamba kuyimba nawo.
Wolakwa anali fonte,
kabokosi kolandira moto wa kukhoma
n'kumaugawira ziwalo pang'onopang'ono,
kolembedwa pamphumi kuti usanditsegule, ndimapha.
Kusitodiyo, wondigulitsa uja, anati pafoni:
zonse zimatero, mana Erinesitina, mungozolowera.

Bambo anga a Belimiro samva.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
anagwira ntchito kunsi kwa phiri ku Songo,
pambali pa makina amene Zambezi amawazunguza,
ndipo makutu awo anatsala komweko.
Phokoso langa sanalimve. Anangoona nkhope yanga.

Anatenga sikuludiraiva yaitali, yachigwiriro chong'aluka,
nsonga anaigunditsa pabokosi,
chigwiriro anachikanikiza pafupa la kuseri kwa khutu,
natsinzina.
Anasuntha nsonga. Anasunthanso.
Mphindi zinapita, tiyi wawo anachita khungu.

Ali awiri, anatero mokuwa monga amayankhulira.
Uyu ndi chitsulo chikugogoda chinzake, achira.
Bweretsa chubu chakale cha njinga.
Tinadula timagudumu tinayi takuda,
kalikonse pansi pa sikulu yake,
ndipo wamalungo uja analeka kunjenjemera.

Nanga winayo?
Sanayankhe msanga. Anali akumvetserabe.
Uyu ndi moto weniweniwo ukudutsa m'waya wopota.
Ndikumudziwa.
Wachokera kuntchito kwathu.

Kuyambira pamenepo, usiku uliwonse ndisanayambe kujambula
ankabwera ndi kampando kawo,
kukhala pafupi ndi bokosi, fupa pachigwiriro,
milomo ikuyenda pang'ono,
mwina akuwerenga geji zimene ine sindiziona,
mwina akuitana maina a anzawo a shifiti yausiku.
Ine ndinkadikira, mayuniti a Kiredeleki akutsika.

Koma omvera ankadandaula.
Mayi wina wa ku Domwe anatumiza uthenga:
nkhani ya mbozi za m'chimanga ija inali yabwino,
koma muphe kaye udzudzuwo.

Mu Julayi, chisanu chikuluma zala,
ndinawerenga mametikali a miyezi itatu
n'kuitanitsa fonte ina, yolemera ngati njerwa,
imene fani yake imagona mpaka itamva thukuta.
Ndinaimanga masana. Ndinayatsa.
Zii.
Ndinamva mbewa kudenga.
Ndinamva mtima wanga m'mahedifoni.

Madzulo anabwera ndi kampando.
Anagunditsa nsonga kumbuyo, m'mbali, pamwamba.
Anayang'ana kanyali kobiriwira kuti aone ngati ndayatsadi.
Anapukuta chigwiriro ndi malaya n'kuyesanso.

Wakonza bwino, anatero,
ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuyankhula motsitsa.
Sikuludiraiva anaibweza m'dirowa.

Tsopano mawu anga amatuluka oyera ngati madzi a pamjigo.
Wa ku Domwe uja wathokoza.
Fonte yakale ili pamwamba pa kabati, mawaya ali lende.
Kusitodiyo akuifuna, akuti andipatsa mazana atatu.
Ndamuuza kuti ndiganize kaye.